Mphukira za m'botolo: musadye zosaphika

Amene muli ku Leeds, ku Dublin kapena ku Cape Town mwaziona m'mashopu: timapaketi ta mphukira zoyera za mphodza, zina zowonda ngati ulusi zotchedwa alfalfa. Anzathu kuno amaziika m'sangweji ndi m'saladi zili zaziwisi. Ambiri a ife tayambanso kuzimeretsa tokha m'botolo, pakuti ndiwo zamasamba kuno ndi zodula, dimba tilibe, ndipo nthawi yachisanu palibe chomera panja. Masiku anayi okha, mphodza za masipuni atatu zadzaza botolo. Ndani angakane?

Ine sindikuletsani. Koma mphukira zili m'gulu la zakudya zimene zadwalitsa anthu ambiri m'mayiko olemera, ndipo kumeretsa nokha sikuchotsa vutolo.

Mu May 2011 ku Germany anthu anayamba kudzaza m'zipatala za ku Hamburg ndi madera ozungulira akutsegula m'mimba mwa magazi. Poyamba akuluakulu a zaumoyo analoza chala nkhaka zochokera ku Spain, alimi a kumeneko n'kutaya zokolola zawo popanda mlandu. Kenaka zinadziwika kuti gwero linali mphukira za pa famu ina ku Bienenbüttel m'chigawo cha Lower Saxony, zomeretsedwa kuchokera ku njere za fenugreek, zija amwenye amati methi, zoitanitsidwa ku Egypt. Anthu pafupifupi 4,000 anadwala, oposa 800 impso zinasiya kugwira bwino ntchito, ndipo oposa 50 anamwalira. Kachilomboko kanali E. coli O104:H4. Mwezi wotsatira kanatulukiranso kufupi ndi Bordeaux ku France, ndipo kumeneko mphukirazo sizinachokere ku famu ayi, anthu anazimeretsa okha kuchokera ku njere za gwero lomwelo. Kale mu 1996 ku Sakai, m'dziko la Japan, ana asukulu zikwizikwi anadwala, ofufuza n'kuloza mphukira za radish za m'chakudya cha kusukulu. Ku Britain nako mu 2010 anthu oposa 200 anadwala ndi kachilombo ka Salmonella kochokera ku mphukira za mphodza.

Nkhani ya ku Bordeaux ija ndiyo ikutikhudza ife omeretsa kunyumba. Tizilombo timabwera ndi njere. Kumunda njere zikhoza kukhudzana ndi ndowe, madzi oipa kapena zitosi za makoswe m'nkhokwe, tizilombo n'kubisala m'timing'alu ta khungu la njere, momwe timatha kukhala miyezi yambiri njere zili gwa. Inu mukaziviika n'kuziika pofunda ndi ponyowa kuti zimere, mwakonzeranso tizilomboto malo abwino koposa. Tochepa timene sitikanadwalitsa munthu timaswana kufika mamiliyoni m'masiku awiri kapena atatu. Mphukira zimaoneka zoyera bwinobwino, sizinunkha. Kutsuka pampopi kumangochepetsa pang'ono. Ngakhale khitchini yanu ikhale yowala ngati ya kuhotela, njere ikabwera nato mwatimeretsa pamodzi.

Chimene chimapha tizilomboti ndi moto.

Apa ife Amalawi sitikuphunzira zachilendo. Kumeretsa njere tinayamba kale: chimera. Agogo ankaviika mawere, mapira kapena chimanga, n'kufunditsa ndi masaka mpaka zitamera. Koma kodi munawaonapo akutapa chimeracho n'kudya chachiwisi? Ankachiyanika padzuwa, kusinja, kuthira m'phala, m'mawa mwake n'kuwiritsanso thobwalo lisanapite m'chidebe. Mapira ongomera kumene ali ndi poizoni wa cyanide, yemweyo amene amagwetsa ng'ombe zikadya mphukira zake, choncho amenewo asalowe m'botolo lanu la saladi ngakhale pang'ono.

Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Britain, la Food Standards Agency, limalangiza kuti mphukira ziphikidwe mpaka zitenthe ndi kutulutsa nthunzi paliponse, pokhapokha paketi italembedwa kuti ndi zoti n'kudya pomwepo. Zomeretsa nokha zilibe chizindikiro chimenecho, ndiye ziphikeni. Kungozigwedeza pang'ono m'chiwaya kuti zikhalebe zokhukhuta, monga amachitira m'malesitanti ena, sikokwanira. Ine ndimakazinga anyezi ndi tomato, kuthiramo mphukira ndi timadzi pang'ono, kuvindikira ziwire mphindi zisanu. Mukafuna thirani nsinjiro, zimayenda bwino ndi nsima kuposa mmene mungaganizire.

Pali anthu amene sayenera kulawa zaziwisi ngakhale paketi inene chotani: amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka, kaya chifukwa cha HIV, khansa kapena kuikidwa chiwalo china. Kwa oyembekezera choopsa china ndi Listeria, kachilombo kamene kamaswana ngakhale m'firiji ndipo kamatha kuchotsa pathupi. Amene munali ku Joni mu 2017 ndi 2018 mukukakumbukira pa nkhani ya polony, soseji ija yodyedwa yozizira, pamene anthu oposa 200 anamwalira. Mukagula sangweji kapena saladi muli woyembekezera, yang'anani m'kati kapena funsani. Ndipo ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba. Musawatengere mphukira zanu za kunyumba pofuna kuwasangalatsa.

Tsopano za njere. Apa ndi pamene Mmalawi angalakwitse mosavuta kuposa mzungu, chifukwa ife timakhala ndi nyemba zochokera kumudzi m'kabati. Nyemba, khobwe ndi nandolo zosungidwa kwathu nthawi zambiri zimakhala zothiridwa Actellic kuti zisafumbwe. Mbewu yogula kwa ogulitsa zipangizo za ulimi, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala ophera chuku ndi tizirombo, ndipo utotowo ndi chenjezo loti si chakudya. Timapaketi ta mbewu za kudimba ta m'mashopu a kuno natonso ndi todzala m'nthaka. Gulani njere zolembedwa kuti ndi zomeretsa kuti mudye. Zimadulirapo, koma ku Britain ndi m'mayiko a European Union malamulo okhudza njere zimenezi anakhwimitsidwa itachitika ngozi ya 2011. Mphodza za m'shopu ya amwenye zimamera bwino, koma anaziika m'paketi poyembekezera kuti muziwiritsa, ndiye mphukira zake muziphike mosanyengerera.

Nyemba zofiira zisiyeni. Zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ndipo nyemba zinayi kapena zisanu zosapsa n'zokwanira. Poizoniyu amatha mphamvu pokhapokha nyembazo zitabwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, ndipo kumera sikumuchotsa.

Kameretsedwe kake n'kosavuta. Tsukani botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu ndi sopo ndi madzi otentha, musambenso m'manja. Sankhani njere, kutaya zosweka ndi zofumbwa. Ziviikeni usiku umodzi m'madzi akumwa, m'mawa khuthulani. Pakamwa pa botolo mangani kansalu kopyapyala koyera ndi labala. Tsukuluzani kawiri kapena katatu patsiku, ndipo nthawi iliyonse pendeketsani botolo chozondoka kuti madzi onse atuluke. Madzi otsalira pansi ndiwo amawoletsa. Musaliike pafupi ndi hita pofuna kuti zimere msanga, kapena pambali pa sinki pamene anzanu amatsukira nkhuku. Mphodza zimakhala zakonzeka pa masiku atatu mpaka asanu. Kansalu kaja kawiritseni musanayambe ulendo wina.

Timizu tikamatulutsa ubweya woyera wosalala musadabwe, si chuku, ukathiridwa madzi umagona. Koma zikayamba kuterera, kuda kapena kununkha chivundi, tayani zonse osasankhamo.

Kusunga ndiye mutu wina kwa ife okhala nyumba imodzi anthu asanu, firiji imodzi yodzaza mpaka chitseko kukana kutsekeka. Firiji iyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo yodzaza kwambiri kapena yotsegulidwa pafupipafupi sifika pamenepo. Ikani mphukira m'kontena yotseka, pashelefu ya pamwamba pa nyama yaiwisi, ndipo muzidye pasanathe masiku awiri. Amene muli ku South Africa, magetsi akazima maola ambiri, ziphikeni tsiku lomwelo.

Mukadya n'kudwala, dziwani kuti E. coli sachita changu. Amatha kuonekera patapita masiku atatu, anayi, ngakhale sabata, munthu ataiwala kale zimene anadya. M'mimba mukamapota kwambiri, chimbudzi chili ndi magazi, mkodzo wachepa, kapena mwana wafooka ndi kutuwa, musadikire. Ku Britain imbani 111, nambala ya azaumoyo, kwina pitani kuchipatala, ndipo muwauze kuti munadya mphukira. Musamwe mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba, kapena maantibayotiki aja munabwera nawo m'chikwama kuchokera ku Lilongwe, chifukwa pa E. coli wa mtundu uwu akhoza kuonjezera ngozi ya impso. Imwani madzi a mchere ndi shuga, aja kwathu timati Thanzi, omwe kuno amapezeka m'mafamase. Ogwira ntchito ya zakudya kapena yosamalira anthu, lamulo ku Britain ndi loti mukhale kunyumba mpaka padutse maola 48 chisiyireni kutsegula, ngakhale shifiti ikhale ya ndalama zingati.

Kunena zoona, chimene ambiri tikusowa si mphukira, ndi masamba akwathu. Ngati ndi choncho, tengani kabokosi koboola pansi, thiranimo dothi logula, dzalani khobwe mothinana, ikani pawindo lolowa dzuwa. Pakatha masabata atatu kapena anayi mukhala mukutchola chitambe. Nyemba zikupatsani khwanya, ndipo mpiru umapirira kuzizira kuposa zonsezi. Bonongwe amafuna kutentha, mudikire June ngati muli ku Ulaya. Dulani pamwamba pa dothi, tsukani, phikani ndi tomato.