Msana ukuwawa pa kompyuta? Yambirani pa mpando

Achimwene a ku Nchalo, mwafunsa kuti mutani poti msana umakupwetekani mukakhalitsa pa kompyuta ku ofesi.

Yambirani pa mpando. Khalani mofika kumbuyo kwenikweni, kenako pindani chitenje kapena thaulo muike cha m'chiuno, pomwe msana umapindikira mkati. Mapazi onse aponde pansi. Ngati akulendewera, ikani njerwa kapena kabokosi. Mawondo alingane ndi chiuno kapena atsikireko pang'ono.

Mukatero konzani sikirini. Kumtunda kwake kulingane ndi maso anu, ndipo italikire ngati mkono wotambasula, masentimita 50 mpaka 70. Laputopu ndiye imapha khosi, chifukwa munthu umangoweramira. Ikwezeni pa mabuku, mugule kiyibodi ndi mausi zapadera. Polemba, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti, mapewa omasuka.

Pakatha mphindi 30 zilizonse imirirani, muyendeko. Ndi mmene kumatenthera kuchigwa kuno, kukatunga madzi akumwa ndi chifukwa chokwanira, abwana sangakutsutseni.

Koma ululu ukamatsikira m'mwendo, mwendo n'kumachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukayamba kuvuta, musadikire. Pitani kuchipatala chachikulu ku Chikwawa tsiku lomwelo.