Momwe mungagwiritsire ntchito ma atomic pa pulogalamu yosafuna kuchedwa

Tinene kuti mukulemba pulogalamu pa Raspberry Pi yoyang'anira batire la sola kapena pampu ya mjigo kuno ku Mufakose kapena ku Highfield mu Harare. Thread (gawo la pulogalamu loyenda palokha) imodzi imawerenga sensa milisekondi iliyonse, ina imalemba mu fayilo. Zikamagawana nambala imodzi, mavuto amayamba. Mzere wakuti count++ umaoneka waufupi, koma purosesa imawerenga, imawonjezera, kenako imalemba. Thread ina ikalowerera pakati, chiwerengero chasokonekera basi. Kuikapo volatile sikuthetsa vutoli; chofunika ndi ma atomic, amene amachita ntchito yonseyo kamodzi popanda thread ina kulowerera.

Yambani ndi stdatomic.h, yomwe inabwera ndi C11 mu 2011. Nambalayo ikhale atomic_uint, ndipo muziwonjezera ndi atomic_fetch_add.

Kenako tsimikizani kuti mulibe loko wobisika, amene amaimitsa thread ina mpaka inzake itamaliza. ATOMIC_INT_LOCK_FREE ikhale 2, ndipo pa mitundu ina funsani atomic_is_lock_free. Mukaika struct yaikulu kukhala atomic, kompaila imapita ku libatomic, yomwe imatseka loko inu osadziwa.

Potumiza zowerengedwa, pangani ring buffer (malo osungira deta ozungulira, okhala ndi head yosonyeza polemba ndi tail yosonyeza powerenga) ya wolemba mmodzi ndi wowerenga mmodzi. Wolemba aike kaye deta pamalo pake, kenako asunthe head ndi memory_order_release. Wowerenga atenge head ndi memory_order_acquire, achotse deta, ndiyeno asunthe tail. Release ndi acquire zimatsimikiza kuti wowerenga akaona head yatsopano, deta nayonso yafika kale. Apa palibe wodikira mnzake. Buffer ikadzaza, thread ya sensa isaime: itaye chowerengacho ndi kuwerengera zotayikazo. Ine ndimaona kuti kutaya mzere umodzi wa mu fayilo n'kwabwino kusiyana ndi kuchedwa kuzimitsa pampu madzi atatha.

Chimene ndikukuletsani ndi ichi: musapange spinlock (loko amene thread imamudikira ikungozungulira) yanuyanu ndi atomic_flag. Pa SCHED_FIFO, njira ya Linux yogawira purosesa motsata kufunika kwa thread, thread yapamwamba simasiyira purosesa yapansi. Yapansi ikagwira loko, yapamwamba n'kuilanda purosesa pa core yomweyo, idzazungulira osaleka kudikira loko amene mwini wake sakupatsidwa mpata womasula. Chombo cha Mars Pathfinder mu 1997 chinkangodziyatsanso chokha chifukwa cha vuto la mtundu womwewu, ntchito yofunika kwambiri inkadikira yaing'ono, mpaka akatswiri a NASA anayatsa priority inheritance (kukweza kwakanthawi ntchito yogwira loko) mu VxWorks, operating system ya chombocho. Ngati loko akufunikadi, tengani pthread mutex yokhala ndi PTHREAD_PRIO_INHERIT, yomwe imayatsa priority inheritance yomweyo.

Musaiwale mlockall poyambira, yomwe imasunga pulogalamu yonse mu RAM, kuti memore isakuchedwetseni.

Poyesa, kompailani ndi -fsanitize=thread kuti mugwire malo amene ma thread akulimbirana deta, ndipo yezani kuchedwa ndi cyclictest pa kernel ya PREEMPT_RT, ya ntchito zosafuna kuchedwa, yomwe inalowa mu Linux 6.12 mu 2024. Yesani pa Pi yeniyeniyo, osati pa laputopu pokha. Purosesa za x86 za m'malaputopu ambiri zimasunga dongosolo la zolembedwa mu memore kwambiri kuposa za ARM ngati ya Pi, choncho release yomwe mwaiwala ikhoza kuyenda bwino pa laputopu n'kukakugwetsani pampu ili kale pa mjigo.