Kubweza Mkhristu amene wagwa: njira ya pa Yohane 21

Munthu akagwa mu mpingo, kaya ndi msungichuma amene wadya chopereka, mnyamata wa kwaya amene wapereka mimba, kapena mkulu wa mpingo amene wabwerera ku kachasu, anthu sachedwa kunena kuti madzi akatayika saoleka. Mpingo wolalikira kuti Yesu anauka sungagwirizane nawo mawu amenewo. Petro, amene anakana Ambuye katatu usiku umodzi, ndi yemweyo amene pa 1 Petro 1:3 akunena za chiyembekezo chamoyo chobwera ndi kuuka kwa Yesu. Kubwezedwa kwake kunali ndi dongosolo, ndipo akulu ampingo, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano ndi atsogoleri a miphakati angalitsate.

Pitani msanga, ndipo pitani mwakachetechete. Pa Marko 16:7 uthenga wa kumanda ukutumizidwa kwa ophunzira, koma Petro akutchulidwa dzina payekha. Luka 24:34 ndi 1 Akorinto 15:5 akusonyeza kuti Yesu anaonekera kwa iye asanaonekere kwa gulu lonse. Choncho sabata yoyamba isathe musanafike pakhomo pa wagwayo. Mupite awiri, osati komiti yonse, ndipo ngati wagwayo ndi mayi, apite amayi anzake. Yunifolomu isiyeni kunyumba. Bulawuzi yoyera ndi duku zikangotulukira pa mpanda, oyandikana nawo adziwa kale kuti kwabwera mlandu. Nkhaniyi isalowe pa gulu la WhatsApp, ngakhale m'dzina la pempho la pemphero.

Changuchi chili ndi chifukwa. Yudasi nayenso anamva chisoni, mpaka anabweza ndalama zasiliva 30, koma amene anawapeza anamuyankha kuti adzionere yekha, ndipo anakadzimangirira (Mateyu 27:3-5). Wagwayo akayamba kunena kuti bola kufa, musamusiye yekha. Uzani wachibale wodalirika, chotsani zingwe ndi mankhwala a mbewu m'nyumbamo, ndipo mupite naye kuchipatala.

Ulendo woyamba si wa mafunso. M'mbali mwa nyanja ya Tiberiya Yesu anayamba wakonza mkate ndi nsomba, ndipo anayankhula ndi Petro atatha kudya (Yohane 21:9-15). Tengani shuga kapena ndiwo, khalani pamphasa, nenani kuti, "Achimwene, takusowani, ndiye tati tidzakuoneni." Ola limodzi ndi lokwanira. Musanadzuke, gwirizanani tsiku lobweranso.

Pa ulendo wachiwiri tchimolo litchulidwe. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ena pokalipa, ena pozemba. Mawu a Chigiriki otanthauza moto wa makala amapezeka kawiri kokha m'Chipangano Chatsopano: pa Yohane 18:18, pamene Petro ankaotha moto n'kukana, ndi pa 21:9, pamene anabwezedwa. Yesu anamubwezera pa fungo lomwelo la makala, n'kumufunsa katatu monga anakanira katatu, ndipo Petro anamva kuwawa. Koma funso lake silinali lakuti unachitiranji zimenezi. Linali lakuti kodi umandikonda. Inunso funsani zitatu: chinachitika n'chiyani, ndani wapwetekedwa, ndipo kodi mukufuna kubwerera kwa Ambuye? Funso loti "munachitiranji" limangobala zifukwa. Mvetserani bwino yankho. "Ngati ndinalakwa" komanso "ndinalakwa, koma akazi anga" si kulapa ayi. Werengani naye Masalimo 51 ndi 2 Akorinto 7:10, pomwe pakusiyanitsidwa chisoni chotsogolera ku kulapa ndi chisoni cha dziko chimene chimapha. Ngati akukanabe, Mateyu 18:15-17 akupereka masitepe otsatira.

Kulapa kukhale ndi manja. Levitiko 6:5 akunena zobweza chobedwacho n'kuwonjezerapo gawo limodzi la magawo asanu, ndipo Zakeyu anadzipereka yekha kubweza kanayi. Musakakamize kanayi. Lembani pangano limene munthuyo angakwanitse: ngati zinasowa K120,000, mwina K20,000 pa mwezi kwa miyezi 6, mboni ziwiri zisainire, risiti iziperekedwa nthawi iliyonse. Wopereka mimba asamalire mwana, ndipo ndalama ya pa mwezi itchulidwe. Ndipo chilango chisagwere mtsikana yekha chifukwa choti mimba ndi imene ikuoneka.

Pali milandu imene bwalo la mpingo silingathe kuimaliza. Kugwiririra, kugona ndi mwana, kumenya mkazi: izi zipite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo za ana pali nambala yaulere ya 116. Chikhululukiro cha Mulungu sichifafaniza lamulo, ndipo wolakwiridwa asaumirizidwe kugwirana chanza pamaso pa anthu.

Ngati bwalo lamuimitsa pa Mgonero, limuuze zimene ayenera kuchita komanso tsiku lodzaunikanso nkhani yake. Kudula munthu popanda tsiku n'kumuika m'manda ali moyo. Paulo pa 2 Akorinto 2:6-8 akuuza mpingo kuti chilango chakwanira, amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti chisoni chingamumize. Sankhani munthu mmodzi womudzera Lamulungu lililonse ndi kukhala naye benchi imodzi, chifukwa mtunda wautali kwambiri ndi wochokera pa geti kufika pa khomo la tchalitchi. Akadzalandiridwa, abusa anene mwachidule, osabwerezanso tsatanetsatane wa mlandu.

Yankho lililonse la Petro linatsatidwa ndi ntchito yoweta nkhosa. Wobwerera amene wangokhala kumbuyo wopanda chochita sakhalitsa. Mupatseni ntchito m'mwezi woyamba, koma yosamubwezera pa chiyeso chake: amene anadya ndalama angayendere odwala kapena kuthandiza pa maliro, thumba ligwiridwe ndi ena. Udindo waukulu umabwera pang'onopang'ono. Yohane Marko, amene Paulo anakana kuyenda naye pa Machitidwe 15:38, ndi yemwe akumuitanitsa pa 2 Timoteo 4:11 kuti ndi wothandiza, koma panadutsa zaka.

Akagwanso, musadabwe. Petro yemweyo anadzudzulidwa ku Antiokeya atayamba kupewa kudya ndi anthu amitundu (Agalatiya 2:11-14). Yambiraninso pa ulendo woyamba wa anthu awiri uja, koma tsopano fufuzani tsiku, malo ndi anzake. Ngati kumwako kumachitika akalandira malipiro, womuperekeza uja azikumana naye madzulo a tsiku lomwelo, asanadutse pa msika.