Mmene Mungagwiritsire Ntchito Tchati Poyang'anira Zodetsa M'fakitale ya Makemiko

M'fakitale yopanga makemiko mulibe tsiku limene zotsatira za ku labotale zimafanana ndendende ndi za dzulo. Chitsulo chochokera ku dzimbiri la m'mapaipi kapena madzi otsalira m'katundu zimakwera ndi kutsika pang'ono nthawi zonse. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa kusinthasintha kwa masiku onse ndi kusintha kosonyeza kuti chinachake chasokonekera, ndipo tchati chimene katswiri wa ku America Walter Shewhart anapanga mu 1924, pomwe zotsatira za kuyeza kulikonse zimalembedwa ngati kadontho n'kuyerekezedwa ndi mizere ya malire, chimayankha funso lomweli.

Yambani ndi chodetsa chimodzi, ndipo sampulo muzitenga pamalo amodzimodzi, m'botolo loyera, n'kuyezedwa ndi njira imodzimodzi, chifukwa katengedwe kakamasintha ndiye kuti tchaticho chizionetsa khalidwe la wotenga sampulo m'malo mwa khalidwe la makina. Sonkhanitsani zotsatira 20 mpaka 25 za nthawi imene ntchito inkayenda bwino, ndipo muzilembe motsatira nthawi imene zinatengedwa.

Poti mafakitale ambiri amayeza kamodzi pa gulu lililonse la katundu, tchati choyenera ndi cha zotsatira chimodzichimodzi. Pezani avareji ya zotsatira zonse, imene ikhale mzere wapakati. Kenako pezani kusiyana kwa zotsatira ziwiri zilizonse zotsatizana, mutenge avareji ya kusiyanako n'kuichulukitsa ndi 2.66. Tiyerekeze kuti avareji ya chitsulo ndi 4.0 ppm (magawo anayi pa magawo miliyoni imodzi) ndipo avareji ya kusiyana ndi 0.5. Mukachulukitsa mupeza 1.33, choncho mukaiphatikiza ndi kuichotsa pa 4.0, malire akumwamba akhala 5.33 ndipo akumunsi akhala 2.67. Malirewa akuimira masigma atatu mbali zonse ziwiri za avareji (sigma ndi muyeso wa mmene manambala amamwazikanira kuchoka pa avareji), ndipo manambala akamwazikana mwachizolowezi, pafupifupi kadontho kamodzi pa 370 ndi kamene kangadumphe malire popanda vuto lenileni.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo ndikupempha kuti musamale kwambiri. Malire a pa tchati si malire amene wogula anaika. Wogula akhoza kulola chitsulo mpaka 10 ppm, koma tsiku limene labotale yapeza 6.1, ngakhale katunduyo akadali wogulitsika, tchaticho chanena kale kuti makina sakuyenda monga mwa masiku onse. Mwina paipi yayamba kudyeka, kapena zipangizo zabwera kuchokera kwa wogulitsa wina. Amene amadikira kuti nambala ifike pa 10 amazindikira vutolo thanki yonse itaipa kale.

Kadontho kodumpha malire si chizindikiro chokhacho. Malamulo a kampani ya Western Electric a mu 1956 amati mufufuzenso ngati timadontho 8 totsatizana tili mbali imodzi ya mzere wapakati, kapena ngati tiwiri mwa titatu totsatizana tapitirira masigma awiri mbali imodzi. Kumene chodetsa chimakwera pang'onopang'ono, monga fyuluta ikamatha mphamvu, matchati a CUSUM ndi EWMA, amene amawerengera pamodzi zotsatira zatsopano ndi zam'mbuyo, amachigwira msanga kuposa tchati cha Shewhart.

Manambala a zodetsa ali ndi khalidwe lawolawo. Satsika kupitirira ziro, ambiri amaunjikana pansi pomwe ochepa amathawira kumwamba, choncho nthawi zina muyenera kuwasandutsa malogarithm (njira ya masamu yofupikitsa mtunda pakati pa manambala aang'ono ndi aakulu) musanawerengere malire. Zotsatira zimene makina a ku labotale alephera kuziona chifukwa n'zochepa kwambiri musazilembe ngati ziro, chifukwa zikachuluka zimasokoneza avareji ndi malire omwe, ndipo zikatero pamafunika njira yoyezera yoona zinthu zochepa kwambiri.

Chizindikiro chikaoneka, yambani ndi kuyezanso sampulo yomweyo kuti mutsimikize kuti vuto si la ku labotale, kenako patulani katundu wa gululo ndi kufufuza chimene chinasintha pa tsikulo, n'kulemba chimene mwapeza pambali pa kadonthoko. Kadontho kotsika kupitirira malire akumunsi nakonso kafufuzidwe, popeza kangasonyeze kuti makina oyezera asokera kapena kuti mwapeza njira yabwino yoyenera kuisunga. Koma timadontho tikakhala m'kati mwa malire popanda chizindikiro chilichonse, musakhudze mavavu kapena kutentha, chifukwa kuthamangitsa nambala iliyonse kumangowonjezera kusinthasintha. Malire muwawerengerenso pokhapokha mutasinthadi kapangidwe ka katundu, monga kuika fyuluta ya mtundu wina, ndipo mwasonkhanitsa zotsatira zatsopano zokwanira.