Sipinachi m'poto, minti pamwamba

Mlamu wanga amalimbikira kuti minti, timasamba tonunkhira tija, ali ndi ayironi (mchere wothandiza thupi kupanga magazi) wambiri kuposa sipinachi. Sakunama. Pa magalamu 100, sipinachi ali ndi mamiligalamu pafupifupi 2.7, pomwe minti amapitirira 5. Koma ndani anadyapo nsima ndi mbale yodzaza minti? Timasamba tingapo basi.

Ndiye ine ndimatere. Sipinachi ndimatsuka ndisanadule, n'kuphika mphindi 3 zokha ndi tomato ndi anyezi, timadzi pang'ono. Soda ayi, amawononga mavitamini. Ndikaphula ndimafinyiramo ndimu, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Minti ndimawaza pamwamba moto utazima, fungo lisathawe. Tiyi ndimamwa pakadutsa ola, poti amatsekereza ayironi yemweyo.