Mmene ndinafunditsira madzi a damu lathu losambiramo

Mu Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu kumazizira koopsa. Damu lathu lakuseri kwa nyumba linkangokhala osalowamo munthu. Mdzukulu wanga ankaviika chala chakuphazi, n'kuthawira m'nyumba akunjenjemera, ndipo zinkandimvetsa chisoni.

Hita ya magetsi ndinaikana, imadya mayunitsi kwambiri. Ndinasankha dzuwa. Ndinagula mapaipi akuda apulasitiki, pulambala n'kuwayala mozungulirazungulira padenga la malata, mbali yoyang'ana kumpoto, poti nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Pampu yomwe inalipo kale ndiyo imakankhira madzi kudenga atadutsa kaye mu sefa.

Sabata yoyamba ndinakhumudwa. Masana madzi ankafunda ndithu, koma m'mawa n'kuwapeza ali zii! Vuto linali pawiri. Pampu ndinkaisiya ikuyenda usiku, ndiye mapaipi omwewo ankaziziritsa madzi. Komanso kutentha kochuluka kumathawa ndi nthunzi pamwamba pa damu. Tsopano pampu imayenda kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana basi, dzuwa likapendeka ndimavundikira damu lonse ndi chipepala chochindikala chapulasitiki.

Kukachita mawawa madzi safunda kwenikweni, koma Loweruka lapitali mwana uja anasambira mpaka zala kuchita makwinya.