Kumanga mfundo yolimba pa chingwe cha mbedza

Asodzi ambiri a mbedza kuno ku Mangochi, kaya ndi ku Malombe, mumtsinje wa Shire kapena m'madooko a Makanjira ndi Msaka, amadandaula kuti chingwe cha nayiloni cha masiku ano n'chosalimba, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala pa mfundo. Kampango akathawa ndi mbedza, yang'anitsitsani nsonga ya chingwe chomwe chatsala m'manja mwanu. Ngati nsongayo yapotanapotana, dziwani kuti chingwe sichinaduke, koma mfundo ndiyo inapulumuka chifukwa sinamangidwe bwino.

Nayiloni ndi woterera, choncho mfundo wamba yomangira thumba la ufa siigwira pa mbedza, ndiponso imapinda chingwe mwamphamvu n'kuchifooketsa pamalo pomwepo. Mfundo yomwe ndimalimbikitsa pa chingwe chopyapyala imamangidwa motere. Lowetsani nsonga pabowo la mbedza, ndipo muikulunge pa chingwe chachikulu ka 5 mpaka ka 7. Kenako ibwezeni, ilowe pakampata kamene katsala pafupi ndi bowo la mbedza, n'kuipisanso m'chizinga chachikulu chomwe changopangika. Chingwe chikakhala chonenepa, monga chomwe timawedzera kampango ndi mlamba, kukulunga ka 3 kapena ka 4 n'kokwanira, chifukwa mukachulutsa, mizereyo siithinana ndipo mfundo imatsala yolobodoka.

Pali mfundo ina yotchedwa Palomar, yosavuta kumanga ngakhale usiku pa bwato. Mumapinda chingwe pawiri, n'kulowetsa chopindacho pabowo la mbedza, kumanga mfundo imodzi osaithinitsa, kenako kupisa mbedza yonse m'chizinga chotsalacho n'kukoka. Chofunika kusamala n'chakuti zingwe ziwirizo zigone moyandikana, zisapingasane.

Pothinitsa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa ntchito yonse imakhala itatha kale. Musanakoke, nyowetsani mfundoyo ndi malovu kapena madzi a m'nyanja. Nayiloni wouma akakhulana yekhayekha amatentha, ndipo kutenthako kumamufooketsa ngakhale maso sangaone chilichonse. Kokani pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa, uku mukuonetsetsa kuti mizere ikugona mwadongosolo, wina pambali pa unzake. Ngati wina wakwera pamwamba pa unzake, dulani muyambirenso, pakuti kutaya kachingwe kotalika ngati chala n'kotchipa kusiyana ndi kutaya mbedza, nyambo ndi nsomba pamodzi. Podula nsonga yotsala gwiritsani ntchito mpeni kapena lumo, osati mano, ndipo musiye mamilimita pafupifupi 3 kuti mfundo ikamathina ndi kulemera kwa nsomba isatuluke.

Mukamaliza, kolekani mbedza pa thabwa la bwato n'kukoka mwamphamvu. Mfundo yoti ipulumuke ipulumukire pomwepo musanaponye m'madzi.

Mfundo imakalambanso. Ncheni ili ndi mano akuthwa, ndipo miyala ya ku Chembe ndi Monkey Bay imapala chingwe, choncho mukakola nsomba yaikulu yendetsani zala pafupi ndi mbedza, ndipo mukamva pokhakhala, dulani n'kumanga ina. Dzuwa la ku Mangochi limawononga nayiloni, kotero chingwe chisasiyidwe pamchenga tsiku lonse, koma chikulungidwe ndi kusungidwa pamthunzi. Tizidutswa tomwe mwadula tisatayidwe m'nyanja, chifukwa nayiloni satha msanga m'madzi ndipo amakola mbalame ndi nsomba kwa zaka zambiri.